Kansalu ka pa Mphambano

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anabwerako kuchipatala atagona pa ngolo ya ababa. Tinkakhala ku Mlangeni, kumtunda kozizira kuja kumene chifunga chimakhalitsa m'minda ya kachewere mpaka dzuwa kukwera. Amayi anali atagonekedwa miyezi iwiri chifukwa cha chifuwa. Powaona akubwera ndinasangalala, pakuti m'nzeru zanga munthu ankatuluka m'chipatala pokhapokha atachira. Koma anawatsitsa atawagwira uku ndi uku, ndipo pamene anandisisita kumutu, dzanja lawo linali lopepuka ngati khoko la chimanga.

Pakhomo pathu panali malamulo awiri amene sankapatsana moni. Ababa, a Nzunga, anali mkulu wa mpingo. Ankapemphera asanamange ng'ombe pa goli, ndipo chilichonse chokhudza mizu, zithumwa kapena nsembe ankachitchula ndi liwu limodzi: zachikunja. Mlongo wawo, azakhali a Nanzunga, amene anabwera kudzadwazika amayi, nawonso ankapita kutchalitchi, koma ankati Mulungu yemweyo ndiye anameretsa mitengo, ndipo sanaimeretse kuti tizingokhala pa mthunzi wake.

Tsiku lina ababa ananyamuka ndi ngolo kukatula kachewere kumsika. Fumbi lawo lisanathe n'komwe, azakhali anatereka mphika wa mizu ina yofiira imene anaitenga kwa sing'anga wa kutsidya kwa msewu. Anawasambitsa amayi m'nyumba, chitseko chili chotseka. Atatha anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. M'manja mwawo munali phale, m'phalemo madzi otsala osambawo, ndipo m'madzimo munali kansalu kamene anang'amba ku chitenje cha amayi. Chitenjecho ndinkachidziwa bwino. Chinali chobiriwira, cha mbalame zachikasu, chimene amayi ankavala popita kuchigayo, ndipo ankandiuza kuti ndi chomwe anandiberekera ndili khanda.

"Iwe ndiwe mwana, manja ako ndi ozizira, mankhwala sangasukuluke," anatero azakhali monong'ona. "Upite pa mphambano paja pa msuku. Ukakhuthule pakati penipeni, phaleli ukalivundikire pamwamba pake, ubwere. Osacheuka. Wandimva? Ngakhale wina akuitane dzina. Ukacheuka, nthendayo ikuona nkhope, ikutsata mpaka pakhomo pano."

Ndinagwedeza mutu.

"Ndipo atate ako asamve."

Ndinayenda mosamala kuti madzi asatayike. Ankanunkha utsi ndi dothi lonyowa. Pa mphambano panalibe munthu. Ndinakhuthula, ndinavundikira, ndinatembenuka n'kuyamba kubwerera monga anandiuzira. Ndikukumbukira kuti khosi langa linali gwa, maso pa zala za kumapazi. Palibe anandiitana dzina, palibenso chinandiopsa. Koma mphepo ya mwera inkawomba, ndipo ndinaganiza za kansalu kaja kali kokha pa njira, konyowa, kunja kukuzizira chonchija. Zinangokhala ngati ndawasiya amayi pa mphambano. Ndinacheuka. Kamodzi kokha, kanthawi kochepa. Ndinaona kansonga ka nsalu katatulukira pansi pa phale, kakugwedezeka. Kenako ndinathamanga.

"Sunacheuke?" anafunsa azakhali.

"Iyayi," ndinayankha.

Patapita masiku asanu ndi anayi amayi anamwalira.

Za maliro sindikumbukira zambiri, kupatula kuti wina anandipatsa chigumu ndipo ndinachigwira tsiku lonse osachidya. Masabata oyamba ndinadzitonthoza ndi mawu a ababa. Iwo ankati zachikunja zilibe mphamvu. Ngati zilibe mphamvu yochiritsa, ndinkadziuza, ndiye kuti zilibenso mphamvu yopha. Lamulo la azakhali linali la sing'anga wa kutsidya, ife tinali a kutchalitchi. Ndinagwira ganizo limeneli ngati mmene munthu amagwirira muzu pa gombe la mtsinje wodzaza.

Muzuwo unazuka Lamulungu lina ku Sande sukulu. Tinakhala pansi pa mlombwa, ndipo a Kamwendo, amene ankatiphunzitsa, anatifotokozera za Loti: mzinda woipa, angelo amene anagwira banja lake padzanja n'kulitulutsa, ndi lamulo limene anawapatsa lakuti athawe osayang'ana m'mbuyo. Mkazi wake anacheuka, nasanduka mwala wa mchere.

Mtsikana wina anafunsa, "Anangocheuka basi, aphunzitsi?"

"Basi. Kamodzi kokha," anatero a Kamwendo. "Mulungu sachita naye masewera."

Anzanga anaseka, wina n'kuyerekeza kuuma ngati chitsa. Ine ndinamva kuzizira kukwera kuchokera kumapazi. Malamulo awiri aja, amene pakhomo pathu sankapatsana moni, apa anali atagwirana chanza. Sing'anga wa kutsidya kwa msewu ndi angelo a m'Malemba ananena chinthu chimodzi. Panalibenso kothawira. Nthenda inaona nkhope yanga, inanditsata, inakapeza amayi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kucheuka. Munthu akandiitana kumbuyo ndinkangoima chilili kudikira kuti abwere kutsogolo kwanga. Kusukulu aphunzitsi a Sitandade 3 anandiitana katatu ndikutuluka m'kalasi, ine osatembenuka, ndipo anandikwapula chifukwa cha mwano. Anzanga anandipatsa dzina lakuti Khosi la Goli. Ndinalekanso kudya ndiwo zilizonse zothira mchere. Ndinkangodya mbatata yootcha ndi chimanga chokazinga, azakhali n'kumadandaula kuti ndili ndi njoka zam'mimba. M'mawa uliwonse ndinkanyambita mkono wanga kuti ndione ngati chilango chayamba. Tsiku lina nditathamangitsa mbuzi ndinanyambita n'kumva mchere weniweni. Ndinakakhala kuseri kwa khola masana onse, kudikira kuti miyendo iume.

Kunena sindikanatha. Ndikananena, ababa akanadziwa kuti ndinapha mkazi wawo, akanadziwanso kuti mlongo wawo analowetsa mizu m'nyumba ya mkulu wa mpingo.

Loweruka lina, patapita ngati miyezi iwiri, ababa anandiuza kuti ndikwere nawo ngolo. Tinapita ku Lizulu. Polowa mumsika anaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pachipata, tinatula matumba, kenako tinapita ku sitolo ya Che Saidi, Msilamu amene anali mnzawo wa ababa kuyambira ali anyamata. Awiriwa sankakumana popanda kunyogodolana.

"A Nzunga! Mwabwera kudzanditembenuza, kapena kudzagula?"

"Kugula kokha, Che Saidi. Kukutembenuzani ndinalephera kalekale. Ng'ombe zanga zimamva msanga kuposa inu."

"Ng'ombezo zikanakhala ndi nzeru zikanabwera kumzikiti."

Anaseka, kenako Che Saidi anatsitsa mawu n'kufunsa za pakhomo, mmene tinkakhalira chichokereni malemu. Ababa anati tikuyesera. Anagula sopo, parafini ndi mchere. Che Saidi anakulunga mcherewo m'pepala n'kundipatsira kuti ndinyamule. Ine ndinabisa manja kumbuyo.

"Bwanji mwanayu?"

"Kaya," anatero ababa. "Chimvereni za mkazi wa Loti ku Sande sukulu, mchere saufuna n'kuuona komwe."

Sindinkadziwa kuti anazindikira zimenezo.

"Nabi Luti!" anatero Che Saidi, akumenya thebulo. "Ifenso tili naye ameneyo. Za mcherezo ndi zanu, kwathu sananene. Koma lamulo ndi lomwelo: mukamatuluka, wina asacheuke. Ndipo mkazi wake zinamugweradi."

"Munatibera nkhani," anatero ababa.

"Nkhani si mbuzi, a Nzunga, kuti ikakhala m'khola mwanga ndiye kuti mwanu mulibe."

Iwo ankaseka, ine ndinkawerenga mboni. Azakhali, a Kamwendo, tsopano Che Saidi. Ndinali nditamva ababa akunena kangapo, poweruza nkhani za mumpingo, kuti mlandu umatsimikizika ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Zanga zinali zitakwana.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Ngolo inali yopanda katundu, ikugubuduka mopokosera, ng'ombe zathu ziwiri, Kapiteni ndi Sitima, zikuyenda mwachangu podziwa kuti zikupita kwawo. Ababa sanandiyang'ane. Anangoti, maso ali pa njira, "Limbani, chakuumitsa khosi n'chiyani?"

Sindikudziwa mmene ndinayambira. Ndikudziwa kuti ndinanena zonse, mosokonekera: phale, msuku, kansalu, bodza limene ndinawanamiza azakhali. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinali nditawasunga miyezi iwiri. "Ndine ndinapha amayi."

Ababa anaimitsa ng'ombe. Anaika chikwapu pansi. Ndinkadikira mbama, ndipo ndikuganiza kuti ndinkaifuna.

"Tsiku limene ndinakawatenga amayi ako kuchipatala," anatero potsiriza, "dokotala anandiitanira pambali. Anandiuza kuti mapapo onse awiri atha. Anati, pitani nawo kunyumba akaone ana awo, sangafike pokolola. Apo n'kuti iwe usananyamule phale lililonse. Sindinauze munthu. Sindinauze azakhali ako, n'chifukwa chake anathamangira mizu. Sindinakuuze iwe. Ngati pali amene anabisa mawu pakhomo paja, woyamba ndine."

Ndinamva, koma mantha a miyezi iwiri sachoka ndi chiganizo chimodzi. "Nanga mkazi wa Loti?" ndinafunsa. "Nanga a Che Saidi? Onse akunena chimodzimodzi."

"Akunenadi chimodzimodzi." Anakanda chibwano. "Iwe unacheukiranji?"

"Kansalu kaja. Kunkazizira."

Ababa anayang'ana kumbali, kuminda ya kutsidya. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Malemba sanena chimene mayi uja anacheukira. Ife olalikira timati ankasirira chuma chake. Inenso ndalalikirapo choncho. Koma munthu amene wakhala mumzinda zaka zonsezo sasiyamo mbale zokha. Analimo amene ankatunga nawo madzi. Mwina analimo mwana wa mnzake amene anamulandira pobadwa. Sindikudziwa. Zimenezi usakanene kwa a Kamwendo. Tsiku loika amayi ako, akuluakulu a kwathu anandiuza pochoka kumanda kuti, a Nzunga, lunjikani kumudzi, osacheuka. Ndi mwambo wa makolo. Ndinacheuka katatu."

Anapinda malaya, natambasula mkono wawo wakuda, wa mitsempha, patsogolo panga.

"Taona. Ndauma?"

Ndinaugwira. Unali wofunda, wa thukuta.

"Mchere ulipo pang'ono," anatero, "koma umenewo ndi wa ntchito."

Apo m'pamene ndinalira, kulira kumene sindinalire pa maliro.

Sitinalunjike kunyumba. Ababa anakhotetsa ng'ombe kulowera njira ya pa msuku. Pa mphambano phale linali litasweka kale, mwina ndi ziboda, mwina ndi mateyala a ngolo yathu yomwe. Mkulu wa mpingo uja anatsika, nayamba kufufuza m'udzu ndi manja ake, pamalo amene anthu ankalumpha poopa kuponda mankhwala. Ndine ndinakaona kansalu kaja. Kanali katakodwa pa minga ya kankhande, katayera ndi dzuwa, koma mbalame imodzi yachikasu inkaonekabe. Ababa anakamasula pang'onopang'ono kuti kasang'ambike, anakakutumula fumbi, nakaika m'thumba la malaya la pamtima. Kunyumba anakaika pakati pa masamba a Malemba awo.

Ababa sanawathamangitse azakhali. Ndinangomva akuwauza pakhonde kuti, "Achemwali, mwana uja munamusenzetsa mtolo wa akulu. Koma nkhuni zake ndinatola ndine." Azakhali anafunda chitenje kumutu n'kulira. Madzulo amenewo anaphika nyemba, nathira mchere ndikuona, ndipo ndinadya.

Zaka zambiri pambuyo pake, ndili ku koleji, mphunzitsi wathu wina anatifotokozera nthano ya Agiriki akale, anthu amene sankadziwa Loti kapena mphambano za ku Mlangeni. Inali ya woimba zeze amene mkazi wake anamwalira atangokwatirana. Mwamunayo anatsikira kudziko la akufa, naimba mpaka eni dzikolo anamumvera chisoni. Anamulola kutenga mkazi wake, koma ndi lamulo limodzi: iye atsogole, ndipo asacheuke mpaka atatulukira kunja. Atatsala pang'ono kufika, anacheuka, mkaziyo n'kubwerera kumdima. M'kalasi munabuka mkangano. Ena ankati Agiriki anaba kwa Ayuda, ena ankati Ayuda ndiwo anatola nthano za mitundu yowazungulira, ndipo mnyamata wina wopemphera kwambiri anatuluka, ati sangakhale pomwe Malemba akuikidwa pa mphasa imodzi ndi nthano zachikunja. Ine ndinalemba nkhani yaitali yofananiza zonsezi, ndinatchulamo ngakhale mwambo wa kwathu wotaya mankhwala pa mphambano, ndipo ndinakhoza bwino. Ndinkaganiza kuti ndamvetsa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinali nditangodziwana ndi Esinati.

Esinati anamwalira miyezi isanu yapitayo. Anadwala malungo masiku atatu. Tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi. Sindilemba zambiri za iye pano.

Tinakamuika kwawo ku Bwanje, kuchigwa kotentha kuja, mpunga wa m'madambo uli pafupi kucha. Patatha masiku a mwambo, titameta, ndinakonzeka kubwerera kuntchito ndi mwana wathu Tadala, wa zaka zisanu. Mlamu wanga anandibwereka njinga yoti tikafikire pamsewu. Apongozi anga aakazi anamumanga mwanayo mpango kumutu, kenako anandiuza, maso ali pansi, "Bambo a Tadala, mukamatuluka m'mudzi muno musacheuke. Mwanayunso mumuuze. Mayi wake angamutsate, azimulota."

"Ndamva, amayi," ndinatero. Sindinatsutse. Iwo anali ataika mwana wawo, ndipo ankafuna kuteteza mdzukulu ndi chimene anali nacho.

Tadala anamva yekha, sindinachite kumuuza. Ndinamukhazika pa kaliyala, manja ake atagwira malaya anga. Njira yotuluka m'mudzimo imadutsa chapatali ndi msitu wa manda. Ndinapalasa maso ali kutsogolo, khosi lili gwa monga kale lija. Titadutsa mitengo ya migwalangwa ndinamva kathupi kake kakupotoka kumbuyo kwanga, kenako kakubwerera msanga. Tinayenda mtunda wautali. Kenako, ndi mawu aang'ono, nkhope ataikanikiza pamsana panga:

"Ababa, ndacheuka."

Pa koleji tinkafunsa kuti ndani anaba kwa mnzake. Tsopano ndikuganiza kuti palibe anaba. Mtundu uliwonse unaikapo munthu m'manda, ndipo uliwonse unapeza kuti otsala sangafike kumudzi ngati sawauza kuti ayang'ane kutsogolo. Lamulolo si loipa. Analipanga anthu ofuna kuti amoyo apitirire kukhala amoyo. Koma sindinamvepo nthano ya munthu amene anauzidwa kuti asacheuke, iye n'kumvera, n'kukafika bwinobwino. Ya ameneyo palibe anaisunga. Agiriki, Ayuda, a kwa Che Saidi, onse anasunga ya amene anacheuka, ndipo akhala akuifotokoza mibadwo yonseyi, mwina chifukwa aliyense woifotokoza amadziwa kuti akanakhala iye, akanacheukanso. Sindikunena kuti Malemba ndi nthano chabe. Ndimapitabe kutchalitchi, ndipo za mayi uja wa mchere ndazisiya m'manja mwa Mwini wake. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtolo umenewu si wosenzetsa mwana.

Ndinaimitsa njinga. Ndinamutsitsa, n'kugwada kuti maso athu alingane.

"Unaona chiyani?" ndinamufunsa.

"Mitengo basi."

"Unkafuna kuona chiyani?"

"Ngati amayi ali okha."

Ndinamunyamula, ndinamukhazika paphewa kuti aone patali, ndipo tonse awiri tinatembenukira kumene tinachokera. Msitu uja unali phee pakati pa minda, mbalame zoyera zikuuluka pamwamba pa mpunga. Tinayang'ana nthawi yaitali, mpaka iye mwini anati, "Tiyeni tsopano, ababa."

Tinakwera njinga, tinapita.